Famu yokwana pachitseko

Anthu akaona timafamu timene ndimamanga, funso lawo loyamba limakhala lakuti ndinagula kuti. Ndikawauza kuti chogula ndi kathirakitala kokha, amapukusa mutu n'kunena kuti ena anabadwa ndi manja. Mawu amenewa amanditsekemera ndithu, koma si oona kwenikweni. Ntchito yondidyetsa ndi yopanga tizifanizo ta nyumba, timene ojambula mapulani amaonetsa eni ndalama maziko asanakumbidwe. Timafamu ndimamanga madzulo ndi Loweruka pongodzisangalatsa. Pa ntchito ziwiri zonsezi ndaona kuti manja amazolowera msanga. Chimene chimagwetsa ambiri ndi ulesi woyeza.

Pa katoni ya kathirakitala mumapeza manambala onga 1:32 kapena 1:64. Palibe zamatsenga pamenepo. Akalemba 1:32, ndiye kuti sentimita imodzi pa kafamu ikuimira masentimita 32 kumunda weniweni, choncho chilichonse chimene mwayeza muchigawe ndi 32. Mlimi wamtali mita 1.7 amatsika kufika masentimita 5.3. Chitseko cha mamita awiri chimangopitirira pang'ono masentimita 6, ndipo njerwa ya masentimita 23 imasanduka kanthu ka mamilimita 7. Lamulo lake ndi limodzi: zonse zimvere muyeso womwewo, kuyambira thirakitala mpaka mtondo ndi munsi wake. Munthu amene sanagwirepo tepi chibadwire amazindikirabe msanga tambala akafika m'chiuno mwa mwini khomo.

Nambala 32 inabwera ndi asilikali. Kampani ya Britains ya ku London inatchuka kuyambira 1893 ndi tiasilikali tamtovu totalika mamilimita 54. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, makolo ambiri sankafunanso kugulira ana awo zidole zankhondo, ndipo mu 1921 kampaniyo inatulutsa alimi, ng'ombe, nkhosa ndi akavalo pa msinkhu womwewo wa asilikali aja. Mathirakitala atabwera anangolowa mu muyesowo, ndipo makampani ena monga Siku ya ku Germany amautsatira mpaka lero. Ku America nkhani inayenda mwina. Fred Ertl anayamba mu 1945 kuumba timathirakitala ta aluminiyamu kunyumba kwake ku Iowa, ndipo kampani yake inadzakhazikika m'tauni ya Dyersville, kumene lero kuli National Farm Toy Museum. Kumeneko omanga timafamu amakonda 1:64, chifukwa minda yawo ndi makina awo ndi zikuluzikulu moti pa 1:32 chipinda chingadzadze ndi makina okolola okhaokha. Ine ndimagwira 1:32. Khomo la kwathu kuno lili ndi tinthu tambiri tating'ono, ndipo pa 1:64 nkhuku imachepa moti simungaisiyanitse ndi nkhunda.

Pali masamu ena amene oyamba kumene amawadumpha. Utali umachepa ka 32, koma malo amachepa ka 32 m'litali ndi ka 32 m'lifupi, zomwe zimapereka 1,024. Ekala imodzi, yomwe ndi masikweyamita pafupifupi 4,047, imafuna thabwa la mamita awiri mbali zonse. Hekitala imafuna mamita opitirira atatu mbali iliyonse, ndiye kuti pabalaza ponse, ndipo a kunyumba sangakumvetseni. Ine ndimamangira pa chitseko chakale cha mamita awiri m'litali ndi masentimita 80 m'lifupi. Chimenechi chikuimira malo a mamita 64 m'litali ndi 26 m'lifupi, osakwana ndi theka la ekala lomwe. Choncho famu yonse simuimanga. Mumasankha chigawo: nyumba, nkhokwe, khola, kanjira kopita kudimba, ndi chiyambi cha munda umene umakathera m'mphepete mwa thabwa, woonayo n'kumalizitsa yekha m'mutu mwake.

Munda wa chimanga ndiwo umaliza anthu. Alangizi amatiuza kuti mizere italikirane masentimita 75, ndipo pa kabzalidwe ka Sasakawa mapando atalikirane masentimita 25, mbewu imodzi paphando. Zimenezi zimapereka mapesi opitirira 53,000 pa hekitala. Pa kafamu, mizere imatalikirana masentimita 2.3, mapando mamilimita 8, ndipo sikweyamita imodzi yokha ya thabwa imafuna mapesi oposa 5,400, lililonse lotalika masentimita 7 kapena 8, lokhala ndi masamba ake odulidwa ndi lumo. Amene amayamba ndi munda wa mu February amatopa asanamalize mizere itatu, chitseko chija n'kukathera kuseri kwa nyumba.

N'chifukwa chake chinthu choyamba kusankha, musanagule ngakhale guluu, ndi mwezi. Mukasankha October, munda ndi mizere yokhayokha yodikira mvula, ndipo mizere ndi yosavuta: matani zingwe pathabwa motalikirana bwino, phimbani ndi pepala lofewa lonyowetsedwa ndi guluu, kenako wazani dothi. Mukasankha May kapena June, mumapanga mikukwe ingapo ndi ngolo yodzadza chimanga, munda wonse n'kuoneka kuti unali ndi mbewu. Koma mwezi mukausankha muusunge. Fodya sakhala m'chigafa mu October. Mango sapsa mu June. Ng'ombe sizitayiriridwa m'munda chimanga chili chiwisi. Ndipo ngati mwaika msangu pakati pa munda, kumbukirani kuti mtengo umenewu umachita zosiyana ndi inzake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kubiriwira m'chilimwe. Msangu wa masamba thithithi pamwamba pa chimanga chomasula ndi bodza limene mlimi aliyense wa ku Salima angaligwire ali chapatali.

Anthu amaganiza kuti popeza zipangizo za khomo la kumudzi zili paliponse, kungotola udzu weniweni n'kufolera kadenga ndiye kuti zatheka. Vuto ndi lakuti zinthu zenizeni sizichepa. Tsekera lokhuthala mamilimita atatu, pa muyeso wathu, likuimira mtengo wa masentimita pafupifupi 10, choncho nyumba yofoleredwa ndi udzu weniweni imaoneka yofoleredwa ndi milimo. Udzu wa kadenga ndimaupanga ndi khonje: ndimamasula chingwe, kupesa ulusiwo ndi chipeso, kuunyika mu tiyi wakuda kuti uchite mbuu, ndi kumata timitolo kuyambira m'munsi kukwera kudenga monga amachitira ofolera enieni, kenako n'kumeta. Dothi nalo chimodzimodzi. Kamchenga ka milimita imodzi ndi mwala wa masentimita atatu, ndiye bwalo lowazidwa mchenga wa kumtsinje limaoneka lothiridwa miyala ya konkire. Tengani dothi lenileni la kumene mukufanizako, katondo ngati ndi katondo, makande ngati ndi kudambo. Liumitseni pamoto mu chiwaya kuti tizilombo ndi njere zife, lisinjeni, liseferi pa sefa ya ufa, kenako pa kansalu kopyapyala. Chimene chatsika pa kansaluko ndicho dothi lanu.

Kamatidwe kake kali ndi kachinsinsi kamodzi. Guluu woyera wa akalipentala amasungunulidwa ndi madzi, koma mukangomudonthezera pa dothi louma amapanga timibulu n'kugubuduka osalowa. Onjezani dontho limodzi la sopo wamadzi wotsukira mbale, ndipo muyambe mwafayira dothilo ndi madzi pang'ono. Guluuyo amalowerera yekha, ndipo akauma dothi limagwira gwa koma likuonekabe ngati fumbi. Phala la ufa wa tirigu kapena la chinangwa musaliyese, ngakhale kuti limamata ndipo n'lotsika mtengo. Mphemvu, anankafumbwe ndi makoswe amalipeza, ndipo sasiyanitsa nkhokwe ya masentimita asanu ndi yeniyeni. Zitunda ndi zulu ndimazisema kuchokera ku zoyera zopepuka zija zimabwera m'katoni ya firiji. Zimenezi zimasungunuka zikakhudzana ndi penti wofayira wa m'chitini kapena guluu womatira nsapato, choncho ziphimbeni kaye ndi pepala ndi guluu woyera.

Malata amasangalatsa kupanga. Makwinya a lata wamba amatalikirana mamilimita 76, ndiye kuti 2.4 pa kafamu. Ndimandandalika masipoko a njinga pathabwa mogundana, n'kuwamata, kenako ndimaika pepala lokhuthala la aluminiyamu pamwamba ndi kutsendereza ndi kamtengo kobuntha mumpata uliwonse. Limatuluka lata lokwanira bwino. Mitengo ndimaipota ndi timawaya takopa ta m'chingwe chamagetsi chakutha, thunthu kukhala mtolo wonse, nthambi kumagawanika pokwera. Masamba ndi siponji ya matiresi akale yoperesedwa n'kunyikidwa mu penti. Amene anapangako galimoto ya mawaya ali mwana ntchito imeneyi amaidziwa kale, amangofunika kuphunzira kuyang'ana mtengo umene akupotawo, chifukwa mlambe, mthethe ndi mango sizigawa nthambi mofanana.

Ng'ombe za m'sitolo zimakhala za mitundu ya ku Ulaya, zazikulu, za mawere olendewera. Zimakwana ngati mukumanga khola la mlimi wa mkaka wa ku Thyolo kapena ku Bvumbwe. Koma ng'ombe ya kumudzi, ya linunda ndi khosi la lende, muyenera kuiumba nokha, ndipo dongo limene abusa amaumbira kudambo limagwira ntchito. Iumbeni mokulirapo pang'ono chifukwa dongo limafota pouma, ndipo m'miyendo muikemo waya.

Zonse zikamangidwa, pamatsala ntchito imene imasiyanitsa chidole ndi chifanizo, ndiyo kukalambitsa. Mukaima mita imodzi kuchoka pa kafamu, zili ngati mwaima mamita 32 kuchoka pa khomo lenileni, ndipo patali chotero mitundu imazilala. Kathirakitala kongotuluka m'katoni kamawala mopyoza maso. Massey Ferguson 135, imene inapangidwa pakati pa 1964 ndi 1975 ndipo ina ikulimabe, siingakhale yofiira psuu. Ndimaipaka penti wosawala, kuthira dothi losefedwa lija m'matayala ndi pansi pa mpando, kudontheza kapenti kakuda pamene oyilo amachucha, ndi kuchititsa dzimbiri paipi yotulutsa utsi. Kukalambitsa si kudetsa paliponse. Dothi limakhala pamene lili ndi chifukwa. Khoma limafiira m'munsi pamene madzi a padenga amathovukira. Chitseko chimada pafupi ndi chogwirira. Mwaye umatulukira pamwamba pa khomo la khitchini. Pakhomo la khola pamakhala matope opondekapondeka, ndipo njira ya kuchitsime siwongoka ngati yojambula ndi rula. Zimenezi simungazipeke muli pa mpando. Muyenera kukaziona.

Ena amati zonsezi ndi masanje a akuluakulu, ndipo sindikana kuti kusewera kulimo. Koma tizifanizo totere timasunga zimene zithunzi sizisunga. Ku Egypt, m'manda a nduna ina dzina lake Meketre, imene inakhalako zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, ofukula anapeza mu 1920 tizifanizo tamatabwa ta khola la ng'ombe, nkhokwe ya tirigu yokhala ndi alembi ake, ndi gulu la ng'ombe zikuwerengedwa pamaso pa mwini wake. Tina tili ku Cairo, tina ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo akatswiri amaphunzirapo mmene ntchito zinkagwiridwira. Ku England, Roye England, yemwe anachokera ku Australia, anaona nyumba zaudzu za ku Vale of White Horse zikugwetsedwa ndi kusinthidwa, ndipo anayamba kuziyeza n'kuzimanga pa muyeso wa 1:76. Ntchito yake inabala Pendon Museum mu 1954, ndipo nyumba zina zimene anayeza zinatsala m'tizifanizo mokha. Kwathu kuno nkhokwe ya nsungwi ikusowa m'midzi yambiri, popeza anthu akusunga chimanga m'matumba m'nyumba poopa akuba ndi anankafumbwe. Ndimaiyeza ndikaipeza: kutalika kwa miyala kapena mafoloko apansi, kukula kwa phaka, kalukidwe, ndi mmene denga limakhalira pamwamba. Pa kafamu ndimailuka ndi mlaza wong'ambidwa mopyapyala kwambiri.

Poyeza pamafunika ulemu. Musangofika pakhomo pa eni n'kuyamba kuzungulira nkhokwe ndi tepi. Ena adzaganiza kuti mwatumidwa kudzalanda malo, ena kuti mukufuna kukoka chimanga chawo ndi mankhwala, ndipo onsewo sindingawadzudzule. Yambani mwaonekera kwa amfumu, fotokozani, ndipo tengani kanthu kamene munapanga kale kuti aone ndi maso, kaya ndi kangolo kaya kakhola ka nkhunda. Jambulani chithunzi chilichonse pali ndodo ya mita imodzi yoimikidwa pambali, kuti zimene mwaiwala kuyeza mukaziwerengere kunyumba.

Kafamu kakatha, musayambe kukaonetsa anzanu a m'tauni, amene amayamikira chilichonse chaching'ono. Kaonetseni alimi. Iwo kathirakitala amangokayang'ana kamodzi. Amawerama n'kufunsa chifukwa chake mizere yalunjika kumunsi pa malo otsetsereka m'malo mopingasa, chifukwa chake khola lili kumtunda kwa chitsime, ndi kuti ng'ombe ziwiri zokoka ngolozo mwazimanga bwanji pa goli pamene ina ndi yaitali kuposa inzake.