Tcheni Ilibe Mlandu, Yang'anani Chitsulo Chake

Munthu akayenda m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Tumbine, m'boma la Milange, kapena akatsika kulowera kuchipata cha Muloza kumene Mozambiki apatsana moni ndi Malawi, sapita patali asanamve kulira kwa makina ocheka matabwa, pakuti macheka aja a anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenje, ambiri adawapachika kale. Koma ngakhale makinawa ali ofulumira chotere, kawirikawiri timaona mmisiri atakhala patsinde, nkhope ili gwaa, akunola tcheni kachiwiri ndi kachitatu chifukwa thabwa likutuluka lokhota, osadziwa kuti nthenda ili m'chitsulo chachitali chija chimene tcheniyo imayendapo.

M'mbali monse mwa chitsulochi muli ngalande yopapatiza, ndipo ngalandeyo ili ndi milomo iwiri imene tcheni imatsamirapo pothamanga. Kupapatiza kwake nkoyezedwa: zitsulo zambiri za Stihl ndi Husqvarna zili ndi ngalande ya mamilimita 1.3, 1.5 kapena 1.6, ndipo tcheni iyenera kukhala ya muyeso womwewo. Tsono popeza ocheka a kuno sangogwetsa mtengo chabe, koma amaung'amba m'litali mwake kufikira utasanduka matabwa, chitsulo chimakhala nthawi yaitali chitamira mu mlombwa kapena bulugamu, chikutentha, ndipo milomo ija imadyeka msanga koposa mmene ikadadyekera podula nkhuni. Mlomo umodzi ukatsika kuposa unzake, tcheni imapendekera komweko, ndipo ngakhale dzanja la mmisiri likhale lokhazikika bwanji, makina adzamkokera kumbali.

Mankhwala oyamba safuna ndalama ngakhale metikali imodzi. Nthawi iliyonse imene mwachotsa tcheni kuti muinole bwino kapena muike ina, tembenuzani chitsulo, mbali imene inali pansi ikhale pamwamba, kuti zonse ziwiri zisenze katundu mofanana; zilembo za pachitsulo zikaoneka chadodolido musachite nazo manyazi. Pomwepo tengani kachitsulo kopyapyala mukokolole utuchi wosakanikirana ndi oyilo umene umaumbika m'ngalande, kuyambira kunsonga kubwerera kutsinde, ndipo muboolenso kabowo ka oyilo ndi waya, pakuti kabowo kameneka kakatsekeka tcheni imayenda youma, ndipo milomo imapsa nkusanduka yobiriwira ngati chitsulo chochokera m'ng'anjo.

Ntchito imene ifuna mtima wofatsa ndiyo ya tupa. Milomo ikamadyeka imaphwanyuka m'mphepete nkutulutsa kachitsulo kakuthwa kamene kamakola m'thabwa, ndiponso kamacheka chala cha munthu wosasamala amene akuyesa ndi dzanja lopanda kanthu. Mangani chitsulo pa vaisi, kapena pakati pa matabwa awiri ngati muli kutchire, mutenge tupa yafulati muchotse kakuthwako pang'onopang'ono; kenaka muigoneke tupayo pamwamba pa milomo yonse iwiri nthawi imodzi, mukuikankha molunjika, mukuyesa ndi sikweya ya kalipentala kufikira milomoyo itafanana msinkhu. Kumasitolo aakulu kuli kachipangizo kogwirira tupa kuti isapendeke, koma amene alibe asataye mtima. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Chokhacho, musapale mopitirira, chifukwa ngalande ikafupika mapazi a tcheni amagunda pansi, ndipo pa tcheni ya mtundu wa 3/8 kuya kwa ngalandeyo kusachepere mamilimita 6.

Palinso kukula kwa ngalande m'mimba mwake. Ikani tcheni, muikunge, ndipo mutsamiritse rula pathupi la chitsulo ndi pa dzino limodzi la tcheniyo. Pakatsala mpata pakati pa rula ndi chitsulo, milomo ikadali ndi moyo. Koma dzino likagonja, rula nkugona pachitsulo, ngalande yayasama. Amisiri ena amaibweza poika kachitsulo ka muyeso woyenera m'kati ndi kugogoda ndi hamala mbali zonse, ndipo izi zimathandiza kanthawi, ngakhale kuti chitsulo chimene chadyeka m'kati, kapena chang'aluka kunsonga, nchofunika kungochipumitsa, munthu nkuyamba ulendo wa ku Mocuba kapena ku Limbe kukafuna china.

Za oyilo wakuda wotsala m'injini za galimoto ndi njinga zamoto, amene ambiri amathira chifukwa ngwotchipa, ine ndinena mosabisa kuti ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Oyilo ameneyu ali ndi tizitsulo tosaoneka timene timapala milomo tsiku lonse, ndipo popeza samata, tcheni imamwaza kunsonga asanafike kunsi kwa chitsulo, kumene ntchito yeniyeni ikuchitika. Amene sangathe kugula oyilo wa tcheni weniweni angachite bwino kuthira wa injini watsopano, ndipo asanayambe kucheka aloze nsonga pa tsinde loyera, aonjezere moto, aone ngati pakugwa kamzere ka mafuta.