KU MATERO MSEU SI POGONA MABASI NDI MALOLE

Dzuwa likalowa ku Matero, mabasi ang'ono amene tsiku lonse anali kunyamula anthu pakati pa komboni ndi tauni amayamba kufuna pogona. Nthawi yomweyo pamafikanso malole ocokera ku Petauke, Katete ndi Chipata amene atula cimanga, nshawa kapena mbatata ku msika wa Soweto, ndipo oyendetsa ace afuna kukagona kwa abale. Ambiri amangoimika pakhomo, theka la galimoto lili mu mseu, theka lina pa ngalande. M'mawa ena amapeza mlandu uli kuwadikira.

Bvutoli lili ndi mizu yace. Komboni ya Matero inamangidwa ndi boma la atsamunda kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kuti mukhale anchito a ciAfirika. Omangawo sanaganizepo zoti munthu wakuda adzakhala ndi galimoto, pakuti masiku amenewo wolemera anali wanjinga. Motero miseu ya pakati pa nyumba anaipanga yopapatiza. Kwa zaka zambiri izi sizinabvute kwenikweni, cifukwa mabasi akulu a kampani ya boma ya UBZ anali kugona ku madepoti ao. Kampaniyi itagwa mu 1995, nchito yonyamula anthu inatsala m'manja mwa anthu wamba, ambiri a iwo a basi imodzi kapena ziwiri, opanda depoti. Mu 1996 boma linagulitsa nyumba za khonsolo kwa okhalamo, ndipo eni atsopanowo anamanga mipanda ya njerwa ndi zipinda za lendi pabwalo pomwe galimoto ikadaima. Tsono galimoto inatulukira kunja kwa geti.

Apa ndi pamene mlendo wocokera kumudzi amalakwira. Kumudzi bwalo la pakhomo ndi la mwini nyumba, ndipo ngolo ya ng'ombe imaima pomwe iye wafuna. M'tauni malire a puloti amathera pa mpanda. Ngalande, njira ya oyenda pansi ndi mseu weniweniwo ndi malo a anthu onse, oyang'aniridwa ndi Khonsolo ya Mzinda wa Lusaka. Mawu a mbale akuti mlendo aimike pakhomo alibe mphamvu pamaso pa lamulo, ngakhale mbaleyo anabadwira m'nyumba yomweyo.

Lamulo la pamseu la mu 2002, limene linakhazikitsa bungwe la RTSA, limaletsa kusiya galimoto kapena ngolo yace pamalo pomwe ingatsekereze ena kapena kucititsa ngozi. Kunena za mabasi, lamulo la misika ndi masiteshoni la mu 2007 linaika nchito yoyang'anira masiteshoni m'manja mwa makhonsolo. Ndiko kuti malo sasanduka siteshoni kaamba koti ang'wang'wazi aimapo ndi kufuula. Kwa zaka zingapo makada a zipani ndiwo anali kulamula m'masiteshoni ambiri ndi kutolera ndalama, mpaka mu 2021 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti acokemo, makhonsolo atengenso nchito yao. Galimoto yopezeka pamalo olakwika ingathe kumangidwa thayala ndi citsulo ca loko kapena kukokedwa, ndipo mwini wace amalipira faindi asanaibweze. Kwa mlimi amene wacita hayala lole, tsiku liri lonse limene loleyo yagwidwa limadya phindu la nshawa zace.

Coopsa kwambiri ndi ngolo yomasulidwa ku lole. Ilibe nyali, ilibe woiyang'anira, ndipo mumdima wanjinga kapena wanjinga yamoto amaiona atafika kale pa citsulo. Ndico cifukwa cace lamulo limafuna kuti kumbuyo kwa galimoto ndi ngolo kukhale zonyezimira zofiira, ndiponso kuti woyendetsa akhale ndi zizindikiro ziwiri za makona atatu zoika pamseu galimoto ikafa. Nthambi za mitengo zimene madalaivala amakonda kumwaza pa tara lamulo silizidziwa.

Palinso kuonongeka kumene sikuoneka usiku womwewo. Miseu ya m'komboni sinakonzedwere katundu wolemera. Lole ikagona kawirikawiri pamphepete, khoma la ngalande limang'aluka ndi kugwera m'kati, ndipo mvula ikadza madzi oipa amaima pakati pa nyumba. Anthu a ku Matero safunika kuuzidwa zimene madzi otere amabala. Mu Januwale 2024 bwalo la masewera la National Heroes, pafupi ndi kwao komweko, linasandutsidwa cipatala ca odwala kolera. Ndipo m'kamseu momwe basi yagona uku, lole uko, ambulansi yothamangira ku cipatala ca Matero imasowa podzera.

Komabe sicingakhale cilungamo kusenzetsa madalaivala mlandu wonse. Munthu amene wagwira ciongolero kuyambira m'bandakuca sangaike basi m'thumba, ndipo faindi siibala malo oimikapo. Malo otere ndi ocepa poyerekeza ndi magalimoto amene alipo, ndipo iyi ndi nchito imene ikudikirabe a khonsolo.

Pakali pano anthu a m'makomboni anadzipezera njira yao. Pali mabwalo okhala ndi mpanda ndi mlonda, ena pa malo omwetsera mafuta, ena pa machalichi, pomwe galimoto imagona mwini wace atalipira ndalama pang'ono usiku uli wonse. Madalaivala ozolowera ulendo wa ku Lusaka amafunsiratu abale za malo otere asananyamuke kumudzi. Malole atali ndi ngolo zao amawasiya m'mayadi a ku dera la mafakitale, kufupi ndi mseu wa Lumumba, ndipo iwo amalowa m'komboni pa basi, atanyamula cola ndi kathumba ka nshawa ka ana a mlongo wao.