Golide Amapita Kumsika, Merkuriyo Imatsala M'dimba

Mukamathirira mpiru kapena tomato ndi madzi a mumtsinje, kodi mumadziwa zimene zikuchitika kumtunda kwake? Ngati kumeneko kuli garimpo, nkhani iyi ndi yanu, ngakhale simunagwirepo fosholo ya pamgodi.

Ku Manica, ku Chifunde ndi ku Macanga m'chigawo cha Tete, komanso ku Lupilichi m'boma la Lago ku Niassa, mabanja ambiri amadya chifukwa cha golide. Vuto lagona pa njira yomulekanitsira ndi dothi. Okumba ambiri amathira merkuriyo m'matope, iyo n'kugwira tizidutswa ta golide. Kenako amawotcha kampira kameneko kuti patsale golide yekha. Merkuriyo ina imapita ndi madzi otsukira, ina imauluka ngati nthunzi yosaoneka ndiponso yosanunkha, n'kudzatera pa nthaka, pa madzi ndi pa masamba.

Merkuriyo siwola. Masamba a ndiwo amaikoka kuchokera mumpweya, ndipo fumbi la pamgodi limamatirira pa chinangwa, chimanga ndi ufa woyanikidwa pafupi. M'matope a madambo, tizilombo tosaoneka ndi maso timaisandutsa poizoni woopsa kwambiri, amene amalowa mu mpunga ndi mu nsomba. Kutsuka kumachotsa fumbi la pamwamba lokha, ndipo kuphika sikuchotsa zimene zalowa m'kati.

M'thupi, poizoniyu amawononga ubongo, mitsempha ndi impso. Munthu amayamba kunjenjemera manja, kuchita dzanzi, kuiwalaiwala ndi kusaona bwino. Amene ali pangozi yaikulu ndi mwana wosabadwa, chifukwa merkuriyo imadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa iye. Dziko lapansi linaphunzira zimenezi ku Minamata, ku Japan, kumene matendawa anadziwika mu 1956 pakati pa mabanja odya nsomba za m'madzi oipitsidwa ndi fakitale. N'chifukwa chake pangano la mayiko lochepetsa merkuriyo, la mu 2013, limatchedwa ndi dzina la mzindawu.

Kwathu kuno chizindikiro chikuoneka ndi maso. Mtsinje wa Revue, umene umathira m'damu la Chicamba momwe anthu a ku Chimoio amamwa, wakhala ukusanduka wofiira ndi matope a m'migodi. Mu 2025 boma linaimitsa ntchito za migodi m'chigawo cha Manica chifukwa cha kuipitsidwa kwa mitsinje.

Inu mungachitepo chiyani? Musalime ndiwo kapena mpunga pamalo otsukira golide ndi kumunsi kwenikweni kwake. Yanikani ufa ndi chinangwa kutali ndi mgodi. Musalole aliyense kuwotchera golide m'khitchini, m'nyumba kapena mumphika wophikira. Ngati ndinu wokumba, kumbani dziwe loti madzi otsukira azidikhamo asanafike mumtsinje, ndipo powotcha gwiritsani ntchito retorta, chida chimene chimagwira nthunzi n'kuibweza kukhala merkuriyo yoti muigwiritsenso ntchito.

Lamulo lili kumbali yanu. Ndime 90 ya malamulo aakulu a dziko la Mozambique imati nzika iliyonse ili ndi ufulu wokhala m'malo osawonongeka, komanso udindo wowateteza. Lamulo la migodi la 20/2014 linalamula kuti wokumba pamanja akhale ndi senha mineira ndipo azikumba m'malo ololedwa okha. Mukaona madzi asintha mtundu, uzani amfumu, kenako kanenani ku ofesi ya SDAE ya m'boma lanu, ndipo pemphani kuti madzi ndi nthaka ziyezedwe. Pitani ngati gulu, ndipo lembani tsiku ndi malo amene mwaona vutolo.