Kapitawo wanga ali m'thumba

Chaka chatha abwana pa sitolo ya hadiweya yomwe ndimagwirako ntchito ku Limbe anatiitana Lolemba m'mawa nanena mawu ochepa chabe: mabuku a sitoko atha ntchito, pakatha miyezi itatu zonse zilowa m'kompyuta, ndipo amene sadziwa Excel aone pochita. Ine ndakhala pamenepo zaka 8. Matumba a simenti ndimawerenga ngakhale ndili m'tulo. Koma Excel? Mtima unangoti myuu!

Ndalama ya sukulu yamadzulo ndinalibe. Mng'ono wanga amene ali kukoleji ndiye anandiseka. "Achimwene, foni muli nayo, nanga mukulira chiyani?"

Poyamba ndinkangoonera mavidiyo pa YouTube, lero iyi mawa ina, bandulo n'kutha ine osatolapo kanthu. Ndinalembetsanso kosi yaulere pa Alison, sukulu ya pa intaneti ya ku Ireland, koma sabata yachiwiri sinathe ndili pomwepo. Ndipotu sindili ndekha, abale. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2019 anapeza kuti pa makosi a pa intaneti a Harvard ndi MIT a chaka cha 2017 mpaka 2018, omaliza anali pafupifupi anthu atatu okha pa 100 alionse. Maphunziro ndiye ali mbwee. Chosowa ndi kapitawo woti azikulondola.

Ife timakonda mawu akuti "tiyesetsa". Akatswiri awiri, Edwin Locke ndi Gary Latham, anatha zaka zambiri akufufuza nkhani imeneyi, ndipo anapeza kuti munthu amene wapatsidwa cholinga cholunjika ndi cholimbako amachita bwino kuposa amene wangouzidwa kuti ayesetse. Mu 1981 George Doran analemba njira yotchedwa SMART, yomwe mwa zina imati cholinga chikhale chodziwika bwino, choyezeka, chotheka, ndiponso chokhala ndi tsiku lake. Tsono ndinafufuta zoti "ndiphunzire kompyuta". Mu Google Keep ndinalemba kuti: pofika Loweruka ndikhale nditalowetsa mitundu 40 ya penti, kompyuta n'kuwonkhetsa yokha. Mu Google Calendar ndinatchera belu la hafu pasiti faifi madzulo alionse, nthawi imene tatseka koma kompyuta ya muofesi ikadali yoyaka.

Chimene chinandigwira mtima kwenikweni ndi mafunso a Lamulungu. Amachokera ku njira ya GROW, imene John Whitmore wa ku Britain anaitchukitsa m'buku lake la mu 1992. Mkuluyu anali katswiri wa mipikisano ya magalimoto asanayambe kulangiza mabwana. Mafunsowo ndi anayi basi: ndikufuna chiyani, panopa ndili pati, njira zilipo ndi ziti, nanga ndichita chiyani ndipo liti? Umadzifunsa wekha, n'kulemba mayankho mufoni.

Funso lachiwirilo n'loopsa. Sabata yachisanu ndinalemba kuti chandilepheretsa ndi kuzima kwa magetsi. Nditabwerera m'mbuyo kuona zomwe ndinalemba masabata enawo, ndinapeza kuti masiku amene ndinajomba anali Lachiwiri ndi Lachitatu, a mpira wa pa TV. Magetsi osalakwa, eti! Ndinachita manyazi ndekhandekha m'chipinda. Masiku awiriwo belu ndinalisunthira m'mawa, sitolo isanatsegulidwe.

Komabe musanamizidwe. Foni sidziwa ngati wagwiradi ntchito. Ukachonga bodza, iyo imavomera. Ine ndinachongapo kawiri. N'chifukwa chake ndinayamba kujambula ntchito yanga Loweruka lililonse n'kutumizira mng'ono wanga uja pa WhatsApp, popeza kunamiza mwana amene unamubereka kumsana n'kovuta. Chenjeraninso ndi timapulogalamu tamitundumitundu tomwe timati n'taulere kenako n'kuyamba kufuna madola mwezi ndi mwezi. Chikomekome cha mkuyu. Mayi wogulitsa kaunjika amene akufuna kuphunzira kusiyanitsa mpamba ndi phindu, kapena mwana wasukulu amene ali pa atachimenti, zaulere zomwezi zimukwanira.

Kwa mabwana ndili ndi mawu. Kupezeka kwa zida zimenezi kusakhale pothawira udindo wanu. Kuchokera pa lamulo la mu 1999 lomwe linakhazikitsa TEVETA, olemba ntchito amapereka msonkho wothandizira maphunziro aluso, kusonyeza kuti dziko linavomereza kale kuti kuphunzitsa wantchito si katundu wa wantchito yekha. Bandulo yonse ija ndinkagula ndi ndalama ya ndiwo.

Miyezi itatu itakwana, abwana anandiuza kuti ndipeze mapaipi otsala mugodauni. Ndinawapeza m'kompyuta manja akunjenjemera, ndipo ntchito ndikadali nayo. Mnzathu wina wachikulire, amene foni yake ndi yamabatani, anamusamutsira kokweza katundu. Tsopano belu la hafu pasiti faifi likalira timakhala awiri pampando umodzi, ndipo sabata ino tili pa misomali.