Fupa likathyoka, amalilumikiza ndani?

Ku Zingwangwa munthu akagwa pa kabaza n'kuthyoka mwendo, olangiza sasowa. Ena amati pitani kwa agogo akakutemeni mphini, fupa ligwirana msanga. Masiku ano kwabweranso timapaketi ta ufa tolembedwa kuti stem cell, ati ukamwa fupa limamera. Ambiri olangizawa amatero chifukwa cha chifundo, ndipo pali choona chimene agwirako: fupa limameradi.

Koma wolimeretsa ali m'thupi momwemo. M'mafuta a m'kati mwa fupa ndi m'kachikopa kolikuta muli maselo otha kusanduka omanga fupa. Awa ndiwo ma stem cell enieni, amene Alexander Friedenstein anawafufuza ku Moscow m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Pothyokapo magazi amaundana, kenako pamabwera chichereŵechereŵe chimene chimauma n'kukhala fupa. Chikhakha chimene amaika ku chipatala cha Gulupu si mankhwala. Chimangogwira mafupa kuti asasunthe pamene maselowo akugwira ntchito. N'chifukwa chake mwendo womangidwa kumudzi umathanso kupola, kungoti nthawi zina umapola chokhota. Ufa uja ulibe selo lamoyo, ndipo ngakhale likanakhalamo, m'mimba likanagayidwa ngati chakudya.

Vuto lalikulu ndi pamene chidutswa cha fupa chatayika kapena chaola, mpata n'kukula moti maselo sangauwoloke. Apa madokotala amasema fupa la m'chiuno mwa wodwala yemweyo n'kukatsekera. Njirayi ndi yodalirika, koma imasiya bala lachiwiri ndipo fupa lotengalo ndi lochepa. Ndiye ofufuza amapanga kachimango ka timabowo kuchokera ku mchere wofanana ndi wa m'mafupa, n'kudzalamo maselo a wodwalayo kuti ayangepo monga nyemba pa phesi la chimanga. Mu 2001 madokotala a ku Italy ndi Russia analengeza za odwala atatu amene anawathandiza motere. Chovuta mpaka lero ndi mitsempha ya magazi: ikachedwa kulowa, maselo apakati amafa. Choncho zambiri zikadali pa kafukufuku.

Chimene chimandiwawa ndi fupa lotulukira kunja limene latha masiku likupakidwa zitsamba, chipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) chili pafupi chonchi, ndipo chipatala cha Beit CURE chakhala chikuthandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira 2002. Bala lotere likufunika kutsukidwa kuchipatala tsiku lomwelo, majeremusi asanalowe m'fupa n'kuyamba kulidya.