Chimanga cha GMO: Nkhawa za Thanzi ndi Vuto la Kusakanikirana kwa Mbewu

Mbewu za GMO ndi mbewu zomwe akatswiri a sayansi asintha chibadwa chake mu labotale, poika m'maselo ake kachigawo ka DNA kochokera ku chamoyo china, kuti zikhale ndi mphamvu yomwe sizikanaipeza mwachilengedwe. Ngakhale ambiri amazisokoneza, mbewuzi n'zosiyana ndi za haibulidi, zomwe zimapangidwa pokwatitsa mitundu iwiri ya mbewu imodzimodzi m'munda. Chitsanzo chodziwika ndi chimanga cha Bt, chomwe chinapatsidwa kachigawo ka bakiteriya wa m'nthaka wotchedwa Bacillus thuringiensis, moti chimadzipangira chokha puloteni yomwe imapha kapuchi ndi mbozi zina zikadya masamba kapena phesi lake.

Kum'mwera kwa Africa nkhaniyi inakula mu 2002, pamene njala inavuta ndipo chimanga cha chithandizo chochokera ku America, chomwe bungwe la World Food Programme linkagawa, chinapezeka kuti chinali ndi GMO. Boma la Zambia, motsogozedwa ndi Levy Mwanawasa, linachikana kotheratu ponena kuti silingadyetse anthu ake chinthu chomwe chingakhale poizoni, pomwe Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique anavomera kuchilandira koma anafuna kuti chiyambe chapita kuchigayo. Zimenezi zikusonyeza kuti nkhawa zinalipo ziwiri zosiyana, ina ya pambale ndi ina ya kumunda, popeza ufa umadyeka koma subzalika.

Pa nkhani ya thanzi, mantha aakulu akhala akuti puloteni yachilendoyo ingakhale ya poizoni kapena ingayambitse ziwengo. Umboni womwe wasonkhanitsidwa kuyambira pamene mbewuzi zinayamba kulimidwa kwambiri mu 1996 sunatsimikize mantha amenewa: mu 2016 bungwe la National Academies of Sciences la ku America, litaunika kafukufuku woposa 900, silinapeze kuti zakudyazi n'zoopsa kuposa zina, ndipo World Health Organization imanena kuti zomwe zili pamsika zinayesedwa, koma mtundu uliwonse watsopano uyenera kuunikidwa pawokha. Funso lomwe ena anadzutsa mu 2002, lakuti anthu a ku America sadya chimanga chochuluka ngati anthu omwe nsima ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku, linali lomveka, ngakhale kuti dziko la South Africa tsopano latha zaka zoposa 20 likudya chimanga choyera cha GMO. Mkangano womwe ukadali wamoyo ndi wa glyphosate, mankhwala opha udzu omwe amapoperedwa m'minda ya mbewu zosinthidwa kuti zisafe nawo, omwe bungwe lofufuza za khansa la IARC linati mu 2015 mwina angayambitse khansa, pomwe mabungwe oyang'anira mankhwala ku Ulaya ndi ku America sanagwirizane nalo.

Vuto la kusakanikirana ndilo lili ndi umboni wosatsutsika, ndipo ndilo liyenera kudetsa nkhawa kwambiri. Chimanga chotchedwa StarLink, cha kampani ya Aventis, chinaloledwa ku America mu 1998 ngati chakudya cha ziweto chokha, chifukwa puloteni yake ya Cry9C sinkagayika msanga m'mimba, koma mu 2000 chinapezeka m'zakudya za anthu, ndipo mitundu yoposa 300 ya zakudya inachotsedwa m'masitolo. Madokotala a boma atayeza magazi a anthu omwe anadandaula kuti adwala sanapeze umboni woti chimangacho ndicho chinachititsa, komabe nkhaniyi inaonetsa kuti ngakhale dziko lolemera, la nkhokwe zamakono ndi malamulo okhwima, linalephera kulekanitsa mitundu iwiri ya chimanga.

Kulephera kotere kumayambira pa mmene chimanga chimaberekera. Mungu wochokera ku ngayaye umauluzika ndi mphepo n'kukagwera pa ndevu za chimanga cha m'munda wina, ndipo kumene minda ndi ing'onoing'ono, yolekana ndi mzere umodzi wokha, palibe mtunda wokwanira wotchinjiriza mbewu ya mlimi amene sanasankhe GMO. Kuonjezera apo, alimi ambiri amasunga mbewu ya chimanga cha makolo, amapatsana ndi achibale komanso kubzala chomwe agula pamsika, moti chibadwa chachilendo chikalowa chimapitirira chaka ndi chaka mlimi osadziwa. Ku Oaxaca m'dziko la Mexico, kwawo kwa chimanga, ofufuza analengeza mu 2001 kuti apeza DNA ya GMO m'mbewu za makolo, ndipo ngakhale njira zawo zinatsutsidwa, kafukufuku wina wa mu 2009 anapezanso zomwezo m'minda ina.

Malawi anakhazikitsa lamulo loyang'anira mbewuzi, la Biosafety Act, m'chaka cha njala chija cha 2002, ndipo thonje la Bt linayesedwa koyamba ku Bunda mu 2013 lisanaloledwe kufika kwa alimi. Koma thonje kawirikawiri limadziberekera ndi mungu wake womwe, ndipo si chakudya chodalirika cha banja, choncho zomwe zaphunziridwa pa thonje sizikwanira kuyankha funso la mmene chimanga cha makolo chingatetezedwere m'midzi yomwe minda yake ndi yogundizana.