Mwana wa ku Rumphi Amene Anakanganitsa Abambo pa Khonde

Amayi anzanga, m'nyengo yokolola ya 1924 agogo athu sakanakhulupirira kuti patapita zaka 100 abambo adzaiwala nsima pamphasa chifukwa chokangana za mtsikana womenya mpira. Koma ndizo zinachitika m'makomo ambiri mu 2024, pamene inamveka mbiri yakuti Tabitha Chawinga, mwana wa ku Rumphi, mwina achoka ku timu ya Paris Saint-Germain ya ku France.

Ena anati akhale pomwepo, pakuti chaka chimenecho anaposa osewera onse a m'ligi ya dzikolo pomwetsa zigoli, monga anachitiranso ku Inter Milan ku Italy kumene anagoletsa 23. Ena anati apite ku Lyon, timu imene inali itatenga kale chikho cha ku Ulaya kasanu ndi katatu. Oyamba aja anayankha kuti ku Lyon kuli akatswiri ochuluka, kotero kuti mwana wathu adzangokhala pa benchi ngati mlendo wofika phwando litatha. Analiponso amene anafuna kuti atsate mng'ono wake Temwa, amene anali atangopita ku Kansas City ku America.

Ine chimene chinandiwawa m'khutu ndi mau akuti "amugula" ndi "anangomubwereka." Kodi munthu ndi mtondo kuti abwerekedwe? Nditafunsitsa ndinamva kuti chogulidwa si munthu ai, koma pangano la ntchito limene iye analemberana ndi timu yake. Tabitha anali pa pangano ndi timu ya Wuhan ya ku China, ndipo eni akewo ndiwo anamtumiza ku Italy ndi ku Paris kwa chaka chimodzi chimodzi. Tsono wobwerekedwa, ngakhale amwetse zigoli zotani, sadziwa kumene adzagona chaka chamawa. Ife amene tinakhalapo m'nyumba za lendi tikudziwa kuti pabwalo la eni subzala mango.

Abambo aja ankawerenga zikho ndi zigoli zokha. Palibe anafunsa za chinenero chachilendo, chisanu, kapena kuti akathyoka mwendo adzamsamala ndani.

Mu July 2024 Tabitha anasaina pangano la zaka zitatu ndi Lyon, losakhalanso lobwereka. Bambo a kwathu, amene anali mbali ya Paris, anadya nsima yawo tsiku limenelo osayankhula.